Nyali ya UV m'thanki yatsopano ya makorali: iyatsidwe liti?

Thanki ya makorali ikangodzazidwa kumene imachititsa kaso. Galasi limakhala loyera, mchenga uli mbee, miyala itasanjikidwa bwino, madzi oyera moti munthu angakayike ngati m'katimo mulidi madzi. Koma kukongolaku sikukhalitsa. Pakatha sabata ziwiri kapena zitatu mchenga umayamba kuchita fumbi lofiirira, galasi limachita litsiro, ndipo tsiku lina mwini wake amadzuka n'kupeza madzi onse ali mbuu, miyala yakumbuyo yosaoneka. Apa m'pomwe ambiri amathamangira kusitolo kukagula chipangizo chomwe anamva kuti chimapha zoipa zonse za m'madzi: nyali ya UV.

Chipangizocho sichovuta. Ndi paipi yonenepa, kawirikawiri yakuda, yokhala ndi babu lalitali m'kati mwake. Madzi ochokera m'thanki amalowera mbali imodzi, amayenda mozinga babulo, n'kutulukira mbali inayo. Chovuta ndi nthawi yoiyatsa. Oweta nsomba za m'madzi amchere ku America, Germany, Britain ndi South Africa akhala akukangana pankhaniyi kwa zaka zambiri. Ena amati iyatsidwe tsiku loyamba lomwelo, mavuto asapatsidwe mpata. Ena amati wotero amapha mabakiteriya abwino amene thanki yatsopano ikuwasowa. Mbali zonse ziwiri zili ndi pogwira, ndipo mkanganowo sungamveke popanda kudziwa chimene nyaliyo imatha ndi chimene siyingathe.

Kuweta nsomba m'galasi si nkhani yakutali ndi Malawi. Kuyambira zaka za m'ma 1960, mbuna za m'nyanja yathu zakhala zikutumizidwa kunja, ndipo lero zikusambira m'nyumba za anthu ku Berlin, Tokyo ndi Chicago. Koma mbuna ndi za m'madzi opanda mchere, ndipo n'zolimba. Thanki ya makorali ndi dziko lina. Lita iliyonse imafuna magalamu 35 a mchere wosakanizidwa mwapadera, madzi azikhala ofunda pakati pa madigiri 24 ndi 26, ndipo makorali enieniwo si miyala kapena zomera. Ndi tinyama tofewa tokhala m'magulu, tosachedwa kufa madzi akasintha pang'ono. Matanthwe ake achilengedwe amapezeka m'mbali mwa nyanja ya Indian, monga ku Pemba ndi kuzilumba za Quirimbas ku Mozambique. Amene anafikako ku uShaka Marine World ku Durban kapena ku Two Oceans Aquarium ku Cape Town anaziona nsomba za m'matanthwe oterewa kuseri kwa galasi.

Kuwala komwe maso saona

Mu 1801, wasayansi wa ku Germany, Johann Wilhelm Ritter, ali mumzinda wa Jena, anagawa kuwala kwa dzuwa m'mitundu yake ya utawaleza n'kuika pepala lopakidwa mankhwala a siliva pamtundu uliwonse. Pepalalo linada msanga kwambiri pamalo pomwe maso sankaonapo kuwala kulikonse, kupitirira mtundu womaliza wa utawaleza. Chimenecho ndicho cheza cha UV. Mu 1877 Angelezi awiri, Arthur Downes ndi Thomas Blunt, anaonetsa kuti mabakiteriya amalephera kuswana m'timabotolo tosiyidwa padzuwa. Pofika 1910, mzinda wa Marseille ku France unali utayamba kuyeretsa madzi akumwa ndi nyali za UV. Lero mzinda wa New York uli ndi malo oyeretsera madzi mwa njira yomweyi, amene anatsegulidwa mu 2013, okhoza kuyeretsa malita oposa 8 biliyoni patsiku.

Cheza cha UV chili m'magulu atatu, A, B ndi C. Choopsa kwambiri ndi UV-C, ndipo mwamwayi cha kudzuwa sichifika pansi pano chifukwa mpweya wa ozoni kumwamba umachitchinga. Babu la m'chipangizo chija lili ndi nthunzi ya mercury, ndipo likayaka limatulutsa UV-C wa mananomita 254. Muyezo umenewu uli pafupi kwambiri ndi umene DNA, malangizo a moyo a m'selo iliyonse, imayamwa koposa. Chezacho chikalowa m'kachilombo chimamatanitsa tizigawo toyandikana ta DNA, ndipo selo imalephera kukopera malangizo ake. Kachilomboko sikapsa kapena kuphulika. Nthawi zina kamatuluka m'paipimo kakuyendabe, koma sikangaswanenso. Kwa cholengedwa chimene moyo wake ndi wa maola kapena masiku owerengeka, kusabereka ndi kutha kwa mtundu.

Galasi wamba limatchinga UV-C, n'chifukwa chake babulo limavekedwa chubu cha quartz, chimene chimalola cheza kudutsa koma chimateteza babu kumadzi. Chezacho chimathera m'paipi momwemo. Palibe mankhwala amene amatsalira m'madzi monga amachitira klorini. Ubwino wake ndi umenewo, pakuti makorali ndi nsomba sizikhudzidwa. Kufooka kwake kulinso pomwepo.

Imagwira wodutsa yekha

Nyali ya UV ili ngati lodibuloko ya apolisi pamsewu waukulu. Amene amagwidwa ndi wodutsa pamenepo. Wokhala kunyumba kwake apolisiwo samuona n'komwe, ndipo galimoto zikamangodutsa mwaliwiro osaima, chipikisheni chimangokhala cha dzina. M'thanki ya makorali zamoyo zochuluka zimakhala zomatirira pamiyala, mumchenga, pagalasi ndi pathupi pa nsomba. Zonsezi nyali siyizifikira. Imalimbana ndi zoyandama m'madzi zokha, ndipo pakati pa izo, zokhazo zimene pampu yazikoka.

Ngakhale zodutsazo sizifa mofanana. Mlingo wa cheza umene kachilombo kamalandira umadalira zinthu ziwiri: mphamvu ya babu ndi nthawi imene kachilomboko kakhala pafupi nalo. Mabakiteriya ambiri ndi ndere zoyandama zimagonja pa mlingo wa pafupifupi 30 mJ/cm². Zipangizo zoyeretsera madzi akumwa m'nyumba zimapangidwa kuti zizifika pa 40. Koma kachilombo koyambitsa matenda a madontho oyera pa nsomba ndi kakakulu ndiponso kolimba, ndipo milingo imene akatswiri a matenda a nsomba amatchula imayambira pa 280 mpaka 800. Tanthauzo lake n'loti nyali imene ikupereka mlingo wa 30 madzi akamayenda malita 3,000 pa ola, kuti ifike pa 300 madziwo ayenera kutsitsidwa mpaka malita 300 pa ola. Ambiri amagula nyali yaing'ono, n'kuilumikiza kupampu yamphamvu, kenaka n'kumadabwa kuti nsomba zikudwalabe.

Kuchepetsa liwiro kulinso ndi mtengo wake, chifukwa madzi odutsa pa ola amachepa. Komanso madzi otuluka m'nyali amabwerera m'thanki n'kusakanikirana ndi amene sanadutse. Tiyerekeze thanki ya malita 400. Malita 400 akadutsa m'paipi, si kuti madzi onse ayeretsedwa. Masamu amaonetsa kuti odutsadi ndi pafupifupi magawo 63 pa 100, chifukwa ena adutsa kawiri pomwe ena sanadutsepo. Pamafunika malita 1,200 kuti afike magawo 95, ndi malita oposa 1,800 kuti afike 99. Nthawi yonseyo mabakiteriya otsala akuswana, ena kuwirikiza chiwerengero chawo ola lisanathe. Choncho thanki siyingakhale yopanda tizilombo. Nyali imangotsitsa chiwerengero. Ndipo madzi akakhala a litsiro imalephera ngakhale zimenezo, popeza kachilombo kobisala kuseri kwa kachitsotso kamadutsa mumthunzi osakhudzidwa.

Thanki yatsopano ilibe eni ake

Nsomba imatulutsa amoniya kudzera m'ziwalo zake zopumira, ndipo chakudya chotsala chikawola chimatulutsanso amoniya. M'nyanja yaikulu amoniyayu amasungunuka n'kuzimirira. M'bokosi lagalasi amaunjikana, ndipo m'madzi amchere ululu wake ndi waukulu kuposa m'madzi ambiri a m'mitsinje. Amene amapulumutsa nsomba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso: gulu limodzi limasandutsa amoniya kukhala nitrite, gulu lina limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene ululu wake ndi wochepa kwambiri. Wasayansi Sergei Winogradsky ndiye anayamba kuwalongosola mabakiteriya oterewa cha m'ma 1890. Mu 1998, Timothy Hovanec ndi anzake anaonetsa kuti m'mathanki a nsomba gawo lachiwiri la ntchitoyi limagwiridwa kwambiri ndi mtundu wa Nitrospira, osati Nitrobacter monga mabuku ankanenera. Ndipo mu 2005 asayansi analengeza kuti apeza kachilombo kena kodya amoniya, Nitrosopumilus maritimus, ka m'gulu losiyana ndi mabakiteriya, m'timiyala ta pansi pa thanki ya madzi amchere ku Seattle Aquarium. Pambuyo pake zinadziwika kuti abale ake ali m'gulu la zamoyo zochuluka kwambiri m'nyanja zikuluzikulu za dziko lapansi.

Tizilombo timeneti timaswana mochedwa. Pomwe mabakiteriya odya zowola amawirikiza m'mphindi kapena maola ochepa, odya amoniya amatenga pafupifupi tsiku lathunthu. N'chifukwa chake thanki yatsopano imatenga sabata 4 mpaka 6 kuti ikhwime. Mwini wake amathiramo amoniya pang'ono kapena kachidutswa ka chakudya, n'kumayeza madzi masiku angapo alionse. Amoniya amakwera kenaka n'kutsika, nitrite amatsatira, ndipo onse awiri akafika pa ziro ndiye kuti nsomba yoyamba ikhoza kulowa.

Tizilomboti tikakhazikika timamatirira pamiyala ndi mumchenga m'kautoto koterera. Tikafika pamenepo nyali ya UV siyingatichite kanthu, choncho mantha akuti imawononga thanki yokhwima kale alibe maziko. Koma pali nthawi imodzi imene timakhala toyandama: tsiku limene tathiridwa kuchokera m'botolo. Masiku ano ambiri amagula mabakiteriya a m'botolo kuti afupikitse kudikira, ndipo opanga ake amalangiza kuti nyali ya UV izimitsidwe kwa masiku osachepera awiri, pamodzi ndi skimmer, makina ochotsa litsiro ndi thovu. Wosamvera malangizowa amalipira botolo n'kulipiranso magetsi ophera zomwe zinali m'botolomo. Komanso m'sabata zoyambirirazi m'thanki mulibe nsomba kapena korali woti atetezedwe. Babu limangotha pachabe.

Pali chifukwa china chimene oweta odziwa amaperekera podikira nthawi yaitali kuposa pamenepo. Kale thanki inkayambidwa ndi miyala yamoyo, yotengedwa m'nyanja ku Fiji, Tonga ndi Indonesia, yobwera ndi masiponji, tinyongolotsi, ndere zolimba zofiirira, tinkhanu tating'onoting'ono totchedwa copepod, ndi mitundu yosawerengeka ya mabakiteriya. Kumapeto kwa 2017 boma la Fiji linaletsa kutumiza kunja miyala yotereyi, ndipo poteteza matanthwe a m'nyanja ambiri tsopano amayamba ndi miyala youma, yokumbidwa kumtunda kapena yopangidwa kufakitale. Mwala wouma subwera ndi tizilombo towononga, koma subweranso ndi chilichonse. Ndi malo opanda mwini, ndipo woyamba kufika ndiye amawatenga. Zamoyo zabwino zimene zimalowa ndi korali woyamba kapena kamwala kamoyo kamodzi zimafalikira kumiyala ina kudzera m'madzi. Oweta ambiri amaona kuti kuika chopha panjira imeneyi m'miyezi yoyamba n'kuchedwetsa kukhwima kwa thanki. Aliponso amene amayatsa msanga ndipo mathanki awo amayenda bwino. Chimene onse amavomereza n'chakuti nyali siyingadzaze mwala wopanda kanthu ndi zamoyo.

Nyengo yonyansa

Pafupifupi thanki iliyonse yatsopano imadutsa m'nyengo yonyansa, ndipo nyansi zake si za mtundu umodzi. Fumbi lofiirira lija ndi ndere za selo imodzi zotchedwa diatom, zimene zimamanga zigoba zake ndi silika wochokera mumchenga watsopano, m'miyala kapena m'madzi osasefedwa bwino. Silika akatha nazonso zimatha, kawirikawiri m'sabata zochepa, ndipo nkhono za m'madzi zimazidya mokondwa. Kenaka pamabwera ndere zobiriwira za ulusiulusi pamiyala, ndi utoto wofiira woterera wa cyanobacteria pamchenga pomwe madzi sayenda bwino. Zonsezi n'zomatirira. Nyali ikhoza kugwira timbewu take toyandama, koma zomera kale siyizikhudza. Mankhwala ake ndi kuzula ndi manja, kuwonjezera kayendedwe ka madzi, kuika nkhono zokwanira ndi kudikira.

Madzi a mbuu ndi nkhani ina, ndipo apa nyali imaonetsa mphamvu zake. Chifungacho ndi mabakiteriya odya zowola amene aswana mopitirira chifukwa cha chakudya chochuluka, chinthu chofera kuseri kwa mwala, kapena litsiro lotuluka m'miyala youma. Kuopsa kwake si maonekedwe. Mabakiteriyawa amatha okosijeni, makamaka usiku, ndipo nsomba zimapezeka zili wefuwefu pamwamba pa madzi. Popeza onse ndi oyandama, nyali imawayeretsa madziwo m'masiku awiri kapena atatu. Chimodzimodzi madzi osanduka obiriwira ndi ndere zoyandama. Koma choyambitsa chikapanda kuchotsedwa, chifunga chimabwerera nyali ikangozimitsidwa.

Mdani woopedwa koposa m'thanki yatsopano ndi tizilombo totchedwa dinoflagellate. Timaoneka ngati mamina ofiirira otambasuka pamiyala ndi pamakorali, okhala ndi tithovu ta mpweya tokodwa m'kati, akugwedezeka ndi kuyenda kwa madzi. M'mawa thanki imaoneka yoyera, pofika masana zonse zakutidwanso. Nkhono zimayamba kugwa pagalasi n'kufa. Kawirikawiri timabuka m'thanki imene yayeretsedwa mopitirira, momwe nitrate ndi phosphate zafika pa ziro, chifukwa zamoyo zopikisana nato zafa ndi njala.

Apa chida choyamba ndi maikulosikopu, ngakhale yotchipa ya ana asukulu. Dontho limodzi la mamina aja likaikidwa pakagalasi, mtundu wake umadziwika ndi kaumbidwe ndi kayendedwe. Ostreopsis ndi wozungulira mbali imodzi, wosongoka mbali inayo, ndipo amazungulirazungulira pamalo amodzi. Mtundu umenewu magetsi ounikira thanki akazima umachoka pamiyala n'kuyandama m'madzi usiku wonse, choncho nyali ya UV imaugonjetsa, makamaka pampu yake ikamakoka madzi m'thanki yaikulu momwemo n'kuwabwezera momwemo. Oweta amagwiritsa ntchito muyezo wa watt imodzi pa malita pafupifupi 11 alionse, madzi akuyenda mofatsa. Koma mtundu waukulu wa Amphidinium usiku umalowa mumchenga, ndipo ngakhale nyali itakula bwanji siyingaupeze. Anthu awiri akhoza kukhala ndi mathanki ooneka mofanana, wina n'kuchira m'sabata imodzi, wina n'kungotaya ndalama. Onse awiri ayeneranso kukweza nitrate ndi phosphate pang'ono kuti zopikisana nato zibwerere.

Ostreopsis si woseweretsa. Amatulutsa poizoni, ndipo mu 2005, atabuka m'mbali mwa nyanja ku Genoa, Italy, anthu pafupifupi 200 anapita kuchipatala ndi chifuwa, kutentha thupi ndi kuyabwa kwa maso atapuma mpweya wa m'mphepete mwa nyanjayo. Woyeretsa thanki yogwidwa ndi mtundu umenewu avale magolovesi, atsegule mawindo, ndipo aike makala oyeretsera madzi m'sefa.

Madontho oyera

Ambiri amagulira nyali ya UV kuopa matenda a madontho oyera. Nsomba imatuluka timadontho toyera pathupi ndi pazipsepse, imadzikhula pamiyala, imapuma mwabefu, n'kusiya kudya. Nsomba za mtundu wa tang, kuphatikizapo yabuluu ija ya m'kanema wa Finding Nemo, ndi zosachedwa kugwidwa. Koyambitsa ndi kachilombo kotchedwa Cryptocaryon irritans, dzina limene Eleanor Brown anakapatsa mu 1951 atakafufuza pa nsomba za m'mathanki a ku London Zoo.

Moyo wa kachilomboka ndiwo umaonetsa malire a nyali. Kamakhala masiku 3 mpaka 7 katakwiririka pansi pa khungu la nsomba, kakudya. Kakakhuta kamagwa, kamakwawa pansi kwa maola angapo, n'kudzimata pamwala kapena pamchenga m'chigoba cholimba. M'chigobamo kamagawikana kukhala ana ofika mazana awiri kapena kuposa. Chigoba chimatha kuswa pakangotha masiku atatu, kapena patatha mwezi, ndipo pa kafukufuku wina china chinaswa patatha masiku 72. Ana otulukawo amasambira kufunafuna nsomba, ndipo akapanda kuipeza amafa m'tsiku limodzi kapena awiri. Pa moyo wonsewu, nyali ili ndi mwayi pa gawo lomalizali lokha.

Ngakhale mwayi umenewo ndi wochepa. Tizilomboti timakonda kugwa pa nsomba usiku, ili m'phanga lake logonamo, ndipo ana amaswa kukadali mdima, nsomba ili m'phanga lomwelo. Mtunda wochoka pachigoba kufika pa nsomba ndi masentimita ochepa, pomwe kukamwa kwa pampu kuli kutali kungodya ya thanki. Nyali yaikulu yoyenda mofatsa imachepetsa chiwerengero cha ana, ndipo izi zimapatsa nsomba yathanzi mpata wolimbana nawo matendawo. Koma siyithetsa. Matenda ena ofanana nawo, oyambitsidwa ndi Amyloodinium ocellatum, amene chigoba chake chimodzi chimatulutsa ana ofika 256, amatha kupulula nsomba zonse m'masiku ochepa nyali ili chiyakire.

M'masitolo a nsomba ndi m'malo akuluakulu oonetsera nsomba, momwe mathanki ambiri amagwiritsa ntchito sefa imodzi, nyali ili ndi ntchito yomveka bwino, chifukwa dontho lililonse lochoka m'thanki ina kupita kwina liyenera kudutsa paipi imodzi. Kunyumba, m'thanki imodzi, chitetezo chenicheni ndi m'bindikiro. Nsomba yatsopano imayamba yakhala m'kathanki kapadera kwa mwezi kapena kuposa, ikuyang'aniridwa, ndipo ngati pafunika imapatsidwa mankhwala a kopa m'menemo. Kopa sathiridwa m'thanki ya makorali chifukwa amapha makorali, nkhono ndi nkhanu, ndipo amalowerera m'miyala. Pothira mankhwalawa nyali ya UV imazimitsidwa, popeza cheza chimasokoneza kapangidwe ka ena mwa iwo n'kuwasandutsa oopsa kwa nsomba. Matenda akalowa kale m'thanki yaikulu, nsomba zonse zimachotsedwa ndipo thankiyo imakhala yopanda nsomba kwa masiku 76, kuti chigoba chomaliza chiswe ana ake n'kusowa chodya. Palibe babu limene lingafupikitse masiku amenewa.

Kuiyika ndi kuisamala

Nyali imagwira bwino ntchito ikalandira madzi odutsa kale m'sefa. Iyikidwe moti potulukira madzi pakhale pamwamba kuposa polowera, kuti mpweya usakodwe m'kati n'kusiya gawo la babu lili pouma. Liwiro la madzi lisamangoyerekezedwa potengera zolembedwa pabokosi la pampu, chifukwa mapaipi ndi makona amalichepetsa. Chidebe chodziwika kukula kwake ndi wotchi zimapereka yankho lenileni: chidebe cha malita 5 chikadzaza m'mphindi imodzi, ndiye malita 300 pa ola.

Madzi a makorali ali ndi kashiamu wambiri, ndipo chubu cha quartz chikamatenthedwa chimachita nkhanambo zoyera zotchinga cheza. Miyezi ingapo iliyonse chimafunika kusololedwa mosamala, n'kuviikidwa mu viniga kapena citric acid, n'kutsukidwa. Babu lisagwiridwe ndi zala chifukwa mafuta a pakhungu amasiya banga. Ndipo babu limakalamba mosaonetsera. Ambiri amapangidwa kuti agwire ntchito maola pakati pa 8,000 ndi 9,000, pomwe chaka chili ndi maola 8,760. Kuwala kwabuluu kooneka pakadiso ka chipangizocho si UV-C, ndipo kumapitirira kuoneka ngakhale mphamvu yophera tizilombo itatsika kale. Tsiku loika babu lilembedwe pachipangizo pomwepo. Babu lakutha lili ndi mercury, choncho lisaswedwe kapena kuponyedwa kudzala.

Nyali ya mawatt 25 yoyaka usana ndi usiku imadya mayunitsi 18 a magetsi pamwezi, ndipo imatenthetsako madzi, chinthu choyenera kuchiganizira m'nyengo yotentha. Kumene magetsi amazimazima, batire lisungidwire mapampu oyendetsa madzi, chifukwa nsomba zimafa ndi kusowa okosijeni m'maola ochepa, pomwe nyali ikhoza kukhala yozima masiku angapo popanda choopsa. Isayakenso pampu yake itaima, chifukwa imatentha n'kuwonongeka. Pothira ndere zamoyo zodyetsera makorali kapena mabakiteriya a m'botolo, iyambe yazimitsidwa.

Chenjezo lalikulu ndi la maso. Babu la UV-C lisayatsidwe lili kunja kwa paipi yake, ngakhale kwa kamphindi kongofuna kuona ngati likuyaka. Cheza chake chimawotcha khungu ndi maso mofanana ndi cheza cha owotcherera zitsulo. Ululu sumveka pomwepo. Umayamba patatha maola angapo, nthawi zambiri usiku, maso atafiira, misozi ili chuchuchu, munthu akumva ngati m'maso mwalowa mchenga. Ndipo popeza madzi amchere ndi magetsi sizigwirizana, waya aliyense azitsika kaye pansi pa soketi kenaka n'kukwera, kuti dontho loyenda ndi waya ligwere pansi lisanafike pamagetsi.

Ndiye iyatsidwe liti?

Pamene thanki ikukhwima, amoniya ndi nitrite asanafike pa ziro, nyali ikhale yozima. Palibe choti iteteze, ndipo pali choti ingawononge. M'miyezi yotsatira, fumbi lofiirira ndi ndere za ulusi zikabwera, ikhalebe yozima chifukwa si adani ake. Iyatsidwe pakakhala chifukwa chotchulika dzina: madzi a mbuu amene akuopseza nsomba, madzi obiriwira, kapena Ostreopsis wotsimikizidwa ndi maikulosikopu. Thanki ikakhwima, miyala itayamba kuchita mawanga ofiirira a ndere zolimba ndipo tinkhanu ta copepod tikuoneka tikuyenda pagalasi usiku, wofuna madzi oyera kwambiri kapena wosunga nsomba zosachedwa kudwala akhoza kumaiyatsa nthawi zonse, bola asankhiretu kuti akufuna liwiro la kuyeretsa madzi kapena la kulimbana ndi matenda, pakuti nyali imodzi yaing'ono siyingachite zonse ziwiri. N'kwanzeru kukonzeratu mapaipi ake pomanga thanki, kuti tsiku lofunika isavute kulumikiza.

Mathanki ambiri okongola a makorali padziko lapansi sanaikidwepo nyali ya UV. Koma thanki yothiridwa nsomba zosabindikiritsidwa, kapena yodzazidwa zamoyo isanakhwime, imagwa m'mavuto kaya nyali ilipo kaya palibe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pantchito iyi mawuwa ndi malangizo a kagulidwe ka zinthu. Wa ndalama zochepa ayambe wagula zoyezera madzi, kathanki ka m'bindikiro ndi maikulosikopu. Nyali ibwere pambuyo, mwini wake atadziwa dzina la chimene akufuna kupha ndiponso atatsimikiza kuti chimayandama.